Bisani adiresi ya seva yanu kuti webusaiti isagwetsedwe ndi DDoS

Pa chiwembu cha DDoS, zipangizo zambirimbiri zogwidwa ndi achiwembu, monga makamera ndi ma rauta a m'nyumba za anthu, zimatumiza mapempho nthawi imodzi mpaka seva imalephera kuyankha alendo enieni. Kuti akuloze, wachiwembu amafuna adiresi ya IP ya seva yanu, ndipo amayamba kuifufuza m'ma rekodi anu a DNS, dongosolo limene limauza makompyuta adiresi ya IP ya dzina la webusaiti.

Ikani webusaiti yanu kuseri kwa kampani yosefa mapempho monga Cloudflare kapena Akamai. Mukasamutsira ma rekodi a NS (onena kampani yoyankha za DNS yanu) ku Cloudflare, onani kuti rekodi ya A, ya AAAA ndi CNAME ya www (zolozera alendo ku seva yanu) zili ndi kamtambo ka olenji, chizindikiro cha Cloudflare chosonyeza kuti mapempho akudzera kwa iwo. Ndiye kuti wofunsa adiresi amapatsidwa ya Cloudflare, ndipo mapempho oipa amathera kumeneko. Kamtambo kotuwa kamaulula adiresi yanu yeniyeni.

Ambiri amaimira pamenepa, n'kumaganiza kuti atetezeka. Kumeneku n'kumanga mpanda koma kuseri kuli mpata. Werengani ma rekodi onse, umodzi ndi umodzi. Maina ngati ftp, cpanel, dev kapena test, amene anapangidwa kalekale n'kuiwalika, nthawi zambiri amaloza pa seva yomweyo. Osagwira ntchito fufutani. Ovuta kwambiri ndi a imelo, chifukwa kamtambo ka olenji sikanyamula makalata. Ngati rekodi ya MX, yonena kumene makalata amapita, ikuloza ku dzina lokhala pa seva ya webusaiti, adiresi ili poyera, ndipo SPF (mndandanda wa ma seva ololedwa kutumiza makalata anu) ya mu rekodi ya TXT ingathenso kuitchula. Langizo langa n'lakuti imelo ikhale pa seva ina, kapena kwa makampani monga Google Workspace.

Dziwaninso kuti pa intaneti pali malo osunga mbiri ya ma rekodi akale. Ngati adiresi yanu inakhalapo poyera, pemphani ina yatsopano kwa amene amakusungirani seva mukangomaliza kusamuka. Kenako konzani firewall, mlonda wa pakhomo la seva, kuti pa ma port 80 ndi 443 (makomo a webusaiti) pazilowa ma adiresi a kampani yosefayo okha. Cloudflare imaika mndandanda wa ma adiresi ake poyera. Mukatero, ngakhale wina atapeza IP yanu, mapempho ake a webusaiti sangalowe.

Za TTL, nthawi imene makompyuta amasunga yankho la DNS asanafunsenso, pamafunika kuganiza bwino. Masekondi 300 pa rekodi ya A amakulolani kusamuka msanga zinthu zikavuta. Koma TTL yaifupi imachititsa kuti anthu azifunsa DNS pafupipafupi, choncho kampani ya DNS ikagwa, nanunso mumazimiririka pakangopita mphindi zochepa. Pa 21 Okutobala 2016, Mirai, gulu la zipangizo zogwidwa ndi achiwembu, inaukira kampani ya DNS yotchedwa Dyn, ndipo anthu ambiri ku America ndi ku Ulaya analephera kufika pa Twitter, Netflix ndi Reddit, osati chifukwa ma seva awo anawonongeka ayi, koma panalibe woyankha kuti adiresi yawo ndi iti. N'chifukwa chake webusaiti ya malonda imayenera kukhala ndi makampani awiri a DNS ngati ndalama zilola, ndi TTL yaitali pa ma rekodi a NS.

DNSSEC ikonzeni ndithu, imathandiza kuti anthu asapatsidwe mayankho abodza a DNS, koma DDoS siiletsa.