Momwe mungatsatire zivomezi ndi mapiri ophulika pa foni yanu

Usiku wina kuno ku Area 25 mbale za m'kabati zinayamba kulira zokha, bedi likugwedezeka ngati wina akulikankha. Agalu a m'makomo onse anayamba kuuwa. Mayi a kunyumba anandigwira mkono: "Abambo, mwamva zimenezo?" Kutacha, pa gulu la WhatsApp la mumpingo panali mkangano, ena akuti chivomezi, ena akuti malole a mchenga amene amadutsa usiku. Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kudziyang'anira ndekha, ndipo umu ndi momwe ndimachitira.

Choyamba, gulani bandulo ya data wamba. Ya WhatsApp yokha ija siitsegula masamba a pa intaneti, mungoona foni ikuzungulira mpaka mutatopa. Yaing'ono ya tsiku limodzi imakwana, bola musasiye mapu ali otsegula tsiku lonse, amamwa data mwakachetechete.

Tsegulani earthquake.usgs.gov, tsamba la bungwe la ku America loona za miyala ndi nthaka la USGS, ndipo dinani pamene palembedwa Latest Earthquakes. Mudzaona mapu okhala ndi timadontho. Tofiira ndi zivomezi za mu ola lapitali, ta olenji ndi za tsiku lapitali, tachikasu ndi za sabata ino. Dontho likakula, ndiye kuti chivomezicho chinali champhamvu. Tsambali limayamba ndi kukuonetsani za tsiku limodzi lokha, ndipo maso ake amakhala ku America, choncho lowani pa ka giya ka pakona musankhe masiku 7 kapena 30, kenaka kokani mapu ndi chala mpaka muone Nyanja ya Malawi. Pali posankha kuti mndandanda uzionetsa zokhazo zimene zili pa mapu. Yatsani pamenepo, apo ayi mudzangowerenga za Alaska ndi Indonesia.

Musadabwe kuona timadontho tikutsata nyanja. Nyanja yathu ili m'chigwa chachikulu cha East African Rift, pamene nthaka ya Africa ikung'ambika pang'onopang'ono kuchokera ku Ethiopia kutsika mpaka kuno. Akuluakulu amakumbukira chivomezi cha ku Salima cha pa 10 Marichi 1989, cha mphamvu yopitirira 6, chimene chinapha anthu 9 ndi kusiya anthu zikwizikwi opanda pogona. Kuno ku Lilongwe nako chinamveka.

Tsopano nkhani ya nthawi, pamene ine ndinadzichititsa manyazi. M'mawa uja ndinapezadi dontho pafupi ndi nyanja. Nditalitsegula, deti inali ya dzulo, nthawi yake isanakwane 12 koloko usiku. Ife tinadzidzimuka cha m'ma 1 koloko. Ndinati basi, izi ndi ziwiri zosiyana, ndipo ndinalemba pa gulu molimba mtima kuti abale, ndafufuza, chivomezi kunalibe, anali malole. Anthu anandiyamikira, ena mpaka kutumiza uthengawo kumagulu ena. Masana, aphunzitsi ena opuma pantchito anandiyankha pagulu pomwepo, modekha: "Achimwene, tayang'ananinso zilembo zitatu zili kumapeto kwa nthawiyo." Zinali UTC.

UTC ndi nthawi imene asayansi a dziko lonse amagwiritsa ntchito, ndipo Malawi ili patsogolo pake ndi maola awiri chaka chonse. Mukaona UTC yokha, onjezerani maola awiri. Zikachitika usiku kwambiri, ngakhale deti imasintha. Chivomezi chachikulu cha ku Karonga cha mu 2009, cha mphamvu ya 6.0, m'mabuku a asayansi chili pa 19 Disembala nthawi ya 23:19, koma anthu a ku Karonga anathawa m'nyumba pa 20 Disembala, Lamulungu, nthawi itangopitirira 1 koloko. Ndi chimodzi chomwecho. Msampha wina ndi uwu: pamndandanda nthawi zina pamalembedwa UTC+02:00, kusonyeza kuti tsambali lasintha kale kukhala nthawi yathu. Mukaonjezeranso maola awiri pamenepo, mwaphonyanso. Ine sindilembanso kanthu pagulu ndisanaone kumapeto kwa nambalazo kawiri.

Manambala ena awiri ndi mphamvu ndi kuya. Mphamvu sikwera ngati mtengo wa tomato. Chivomezi cha 6 chimatulutsa mphamvu yoposa cha 5 pafupifupi ka 32, n'chifukwa chake cha 7.8 cha ku Turkey ndi Syria cha pa 6 Febuluwale 2023 chinagwetsa mizinda. Pa kuya, chosazama ndiye chimaononga kwambiri. Mukaona 10 km pafupipafupi musaikhulupirire kwambiri, kawirikawiri imeneyo ndi nambala imene amangoika akalephera kuyeza bwinobwino.

Nthawi zina mudzamva kugwedezeka koma pa mapu osapeza kanthu. Kunja kwa America, USGS imagwira bwino zivomezi za 4.5 kupita m'mwamba, ting'onoting'ono ta kwathu kuno timatha kuiphonya. Zimenezo muzimvera ku Geological Survey Department ya ku Zomba kapena ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, akalengeza pa wailesi. Mukhozanso kuika LastQuake, pulogalamu yaulere ya bungwe la ku Ulaya la EMSC, imene imadalira anthu amene amva chivomezi kuti anene. Nanunso mukamva, nenani pamenepo, kapena pa Did You Feel It? ya USGS. Kuno onena ndife ochepa kwambiri.

Pulogalamu ya LastQuake ija ikani nokha kuchokera pa Play Store. Mlamu wanga anapita kwa anyamata okonza mafoni kumsika, anamulipiritsa zikwi ziwiri n'kumuikira ina imene amati imalosera chivomezi kudakali masiku atatu. Chimene inabweretsa ndi zotsatsa za juga, batire n'kumatha pofika masana. Palibe wasayansi kapena makina amene angakuuzeni tsiku ndi ola la chivomezi. Mauthenga a mawu oti "mawa usiku tonse tigone panja" aja, muziwafufuta osatumiza.

Za mapiri ophulika n'zosavuta. Pitani pa volcano.si.edu, tsamba la bungwe la ku America la Smithsonian, muwerenge lipoti limene amatulutsa kamodzi pa sabata. Lili m'Chingerezi cholimba ndithu, ine ndimangoyang'ana mayina ndi mitundu ya chenjezo: wobiriwira, wachikasu, wa olenji, wofiira. Ndimayamba ndi Nyiragongo wa ku DRC, amene chiphalaphala chake chinalowa mumzinda wa Goma mu 2002 ndipo anaphulikanso pa 22 Meyi 2021. Kenaka Ol Doinyo Lengai wa ku Tanzania. Oyandikira kwambiri kwa ife ndi a ku Rungwe, pafupi ndi Mbeya, kungodutsa malire a Songwe, koma amenewo ali duu zaka zambirimbiri tsopano. Palinso njira yolembetsa kuti USGS izikutumizirani imelo chivomezi chikachitika m'dera limene mwasankha. Ndinalembetsa, ndinaiwala kuika malire a mphamvu, ndipo patatha sabata ndinazimitsa.