Chimanga chimene venda wakana musapite nacho kusukulu

Makolo ndi makomiti a sukulu zomwe mukusonkha nokha chimanga, soya ndi mtedza wa phala la ana, pali vuto lomwe ndaliona teremu ino ndipo sindikufuna tifike nalo mu January tisanakambirane. Matumba ambiri omwe alowa m'zipinda zosungiramo zakudya m'sukulu za kuno kwathu ndi a zinthu zotsalira. Chimanga chabwino chinapita kwa mavenda mu May ndi June, china chili m'nyumba munathira kale Actellic, ndiye a komiti atalengeza kuti banja lililonse libweretse ndowa imodzi anthu anangopita paja anaunjika zosankhidwa, chowola chija, chofumbwa, cha kunsonga komwe mvula inkalowera, chokunkha pansi, kuthira mu ndowa, pamwamba kuwazapo chabwino pang'ono, basi ulendo wa kusukulu. Mtedza ndiye osanena. Wofota, wosweka, wina wakuda mkati, uja amaubweza pa sikelo.

Ukalowetsa dzanja pakati pa thumba umamva kufunda, ukalitulutsa limabwera ndi kafumbi kobiriwira kopita kuchikasu, fungo lake lachinyontho lija la m'nkhokwe yodontha. Chimenecho ndi chuku. Ndipo thumba limenelo a komiti analemba kale m'kope kuti talandira 50kg, aliyense wakondwa, a mfumu ayamikira kuti mudzi wanga wagwira ntchito.

Ndikafunsa yankho limakhala lomwelija kulikonse, akuti ndi phala la ana basi, likawira zonse zimafa, tikathira shuga sizimveka. Apa ndi pomwe ndimatopa napo. Chuku china chimapanga poizoni wotchedwa aflatoxin, ndipo poizoniyu saopa moto wa pa mafuwa. Phala limawira pa 100 degrees, iye kuti aonongeke amafuna kutentha kopitirira 200, ndiye kaya muwiritse kuyambira 4 koloko m'mawa mpaka belu la buleki, kaya mukazinge mtedzawo mpaka ude, amakhala alimo ndithu. Moto umapha chukucho koma poizoni yemwe chinasiya kale mu njere amalowa m'kapu ya mwana. Alibe mtundu woti muuone mu ufa. Shuga amangobisa kuwawa kuja komwe kukanamuchenjeza mwana kuti alavule.

Choipa chake n'chakuti mwana sagwa pompo ayi. Akanamagwa bwenzi tonse titasiya kalekale. Aflatoxin amapita ku chiwindi n'kumachidya pang'onopang'ono, a WHO amamuika m'gulu la zinthu zomwe n'zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa, makamaka khansa ya chiwindi, ndipo munthu akakhala kuti ali kale ndi matenda a chiwindi a hepatitis B ngoziyo imakula kwambiri. Amafooketsanso chitetezo cha m'thupi, ndipo ofufuza akhala akupeza kuti ana omwe amadya poizoniyu pafupipafupi ambiri amakhala okwinimbira. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'Malawi muno ndi okwinimbira. Ndiye ambiri mwa ana omwe akulowa Sitandade 1 akubwera ali kale m'mbuyo, phala la kusukulu tinaliyambitsa kuti liwathandize, ife n'kumathiramo chinthu chowabweza m'mbuyo tsiku ndi tsiku, Lolemba mpaka Lachisanu, teremu yonse. Akachuluka kwambiri amapha msanga. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga cha chuku, chimanga cha m'minda mwawo momwe chomwe chinasungidwa chisanaume.

Bambo wina wa m'komiti ya sukulu ina anandidula pakamwa ndikufotokoza zimenezi. Akuti alangizi, ife takula ndi chimanga chomwechi, agogo athu sankataya kanthu, inu mukufuna tizitaya chakudya chaka ngati chino? Ndinawasiya alankhule, ndipo nkhani itakoma anayamba okha kudandaula za nkhuku zawo. Akuti anagayitsa chimanga chosankhidwa chija pamodzi ndi mtedza wofota n'kumazipatsa, sizinatenge nthawi zinasiya kuikira, anapiye anayamba kuzyolika n'kumafa mmodzimmodzi, katemera wa chitopa anali atapereka kale, mpaka anayamba kukayikira achimwene awo a nyumba yoyandikana nayo kuti mwina pali zina. Akazi awo ndi omwe anati bambo tasiyani kaye chakudyachi tione, atasiya zotsalazo zinadzuka. Ndinawafunsa kuti nanga bambo, chimanga chotsalacho chinapita kuti? Anakhala chete kenaka anaseka, anthu onse anaseka nawo, chifukwa aliyense amadziwa kuti ndowa yake ili m'chipinda momwe tinakhala titatsamira khoma lakemo. Mdzukulu wawo ali Sitandade 2 pa sukulu yomweyo. Za nkhukuzo sizachilendo, poizoniyu anadziwika koyamba mu 1960 ku England nkhukundembo zoposa 100,000 zitafa ndi chakudya cha mtedza wa chuku.

Zoti chaka chavuta ndikuzidziwa, sindikukana. Koma tawerengerani zomwe zikutayika ndi ndowa imodzi yoipa. Ikathiridwa m'thumba limodzi ndi ndowa ziwiri za anzanu omwe anabweretsa chabwino, thumba lonse laipa, chinyezi chija chimayenda, chuku chimafalikira, anankafumbwe nawo asamukira komweko, pofika December matumba oyandikana nawo agwidwanso. Ndalama ya kuchigayo mwalipira yonse. Nkhuni ana asenza. Amayi ophika adzuka kusanache, osalipidwa, kusiya kumunda kwawo. Mapeto ake phala likutuluka lowawa lonunkha, ana a Sitandade 7 ndi 8 amangolawa n'kukakhuthula kuseri kwa kalasi, amene ali ndi kandalama akagula jigisi ndi mafirizi pa geti, amene amamaliza kapu yonse ndi aang'ono aja ndi amene kwawo sanadye kanthu usiku. Ndiye amene akumwa poizoni wambiri ndi mwana yemwe thupi lake n'lofooka kale. Ndipo mu January ndi February, miyezi imene phala limasunga ana m'kalasi, mudzapeza theka la matumba ndi fumbi lokhalokha pulogalamu n'kuima.

Sukulu zomwe zimalandira ufa wa Likuni Phala kuchokera ku Mary's Meals nkhani yake ndi ina, ufawo umabwera wopangidwa kale kufakitale. Iwo anayamba m'Malawi muno mu 2002 ndi ana 200 okha, pano akudyetsa opitirira 1 miliyoni. Koma si sukulu zonse zili pa mndandanda umenewo, ndipo komwe tikusonkha tokha kapena komwe sukulu imagula kwa magulu a alimi a m'dera momwemo, woyeza chakudyacho palibenso wina, ndi maso a komiti ndi a mother group basi. Ndiye masowo akamachita manyazi chifukwa wabweretsa ndowayo ndi mlamu wa a gulupu, zatha.

Chomwe chimandinyansa kwambiri n'chakuti chuku chambiri timachiitana tokha ndi zizolowezi zomwe takhala tikuletsa zaka ndi zaka. Kuwaza madzi mtedza kuti makoko afewe poswa, mpaka lero eti. Mtedza unauma bwinobwino inu n'kuunyowetsanso usiku, m'mawa kuswa, kuthira m'thumba la pulasitiki uli wozizira, kumanga. Ena amachita kuwonjezera madziwo dala kuti ulemere pa sikelo. Kuyanika chimanga pa dothi penipeni pomwe nkhuku ndi mbuzi zikudutsa. Kusiya mikukwe m'munda mpaka mvula ya mawawa iipeze, ina itagwa chiswe chitalowa. Mtedza kuuzula mochedwa khasu litautema makoko. Za Mandela cock, njira ija younjika mtedza wozula kuti uume bwino, tinaphunzitsa, ma demo tinapanga, zithunzi tinajambulitsa, koma ukadutsa m'minda mu May umapeza mtedza uli mbwee pansi.

Pali kanthu kenanso komwe anthu sakukaona. Ife alangizi timalimbikitsa kuti phala la ana likhale la mgaiwa chifukwa ufa woyera umakhala utataya zambiri zofunika m'thupi, ndipo sindikusintha mawu pamenepo. Koma dziwani kuti kunyumba kuja mukakonola, kupeta, kuviika mphale ndi kutsuka, mbali yaikulu ya poizoni imachoka ndi madeya ndi madzi aja, n'chifukwa chake mwina agogo omwe bambo aja ankanena sankaona vuto msanga. Mgaiwa ulibe njira imeneyo, chimanga chimachoka m'thumba kulowa m'chigayo ndi khungu lake lonse. Ndiye chimanga chomwe kunyumba mukanachikonola kaye, kusukulu chikugayidwa momwemo. Cha mgaiwa chimayenera kukhala chosankhidwa bwino kuposa china chilichonse, ife tikuchita zosemphana.

Zoti muchite si zambiri ndipo zambiri mukuzidziwa. Matumba omwe alowa kale atulutseni sabata ino, khuthulani pa lona kapena pamphasa padzuwa, amayi a mother group ndi makolo ena akhale pansi ndi malichero asankhe, njere yosintha mtundu, yofumbwa, yosweka, yofota ichoke, thumba lomwe lafunda ndi kununkha lisiyeni lonse musalimbane nalo. Chimanga chopita kuchigayo mutha kuchitsuka, zoyandama n'kutaya, koma chiume gwa musanagayitse. Kuyesa kuuma ndi kuja kwa botolo louma ndi mchere, thiranimo chimanga pang'ono, khutchumulani, mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo sichinaume. Poika m'chipinda matumba akhale pa mathabwa, asakhudze simenti kapena khoma, denga lionedwe mvula isanayambe, ngati komiti ili ndi kandalama gulani matumba a PICS, aja osalowa mpweya. Gayitsani ufa wa sabata imodzi kapena ziwiri osati wa teremu yonse, nsinjiro ndiye sinjani zochepa chifukwa sizichedwa kuonongeka. Zosankhidwazo zikwirireni kapena kuziotcha, osapatsa ng'ombe ya mkaka chifukwa poizoniyu amatulukira mu mkaka, osapatsa nkhuku, osapatsa mlonda kuti akaphikire mowa.

Ulendo wina polandira, ndowa iliyonse izikhuthulidwa pa lona pamaso pa mwini wake isanalembedwe m'kope, ndipo a mfumu alengeze lamuloli okha pa msonkhano kuti wobwezedwa asakwiyire ahedi. Amene alibedi chabwino abweretse theka la ndowa, kapena mbatata ya kholowa yofiira mkati ija ya vitamin A monga Kadyaubwerere, kapena nthochi, kapena nkhuni, kapena adzagwire ntchito m'munda wa sukulu. Kasakanizidwe ndi komwe kaja, makapu 4 a chimanga kapu 1 ya soya wokazinga, za magulu 6 a zakudya sindibwerezanso, zili pa khoma la kalasi iliyonse. Aphunzitsi, tsiku losankhalo tulutsani ana a Sitandade 5 kupita m'mwamba akhale nawo pa lonapo, agwire njere yabwino ndi ya chuku aone kusiyana, muwauzenso kuti mtedza ukawawa m'kamwa alavule asameze, ngakhale uja wogula pa geti. Sukulu yomwe ikukayika ndi matumba ake iuze mlangizi wa zaulimi wa dera lawo kapena a zaumoyo a HSA adzaone asanapite nawo kuchigayo.