Mukufuna kugwira ntchito ndi gulu la achinyamata a zaluso mu location? Yambani chonchi

Ku Ndirande, Bangwe, Mtandire kaya Chinsapo kuli timagulu ta achinyamata tophunzitsana zisudzo, ndakatulo, magule, kujambula ndi kuimba, ena amakumana pakhonde la tchalitchi ena m'kalasi ana asukulu akaweruka. Ngati muli ndi bizinesi, mpingo, kapena muli ku Joni ndipo mtima ukukuuzani kuti muikepo dzanja, njira yake nayi.

Choyamba pitani mukawaone tsiku lomwe akungokonzekera, osati tsiku la chionetsero pomwe aliyense watchena. Khalani kumbuyo muone kuti ana abwera angati, atsikana alipo kapena ndi anyamata okhaokha, akuphunzitsa ndani. Mukadutsenso kwa a mfumu kapena block leader kukapereka moni, mukalumpha pamenepa mawa zikavuta mudzasowa okuimirani. Amene muli kunja tumani m'bale wanu, mavidiyo a pa WhatsApp okha sakwanira.

Kenako mapepala. Gulu lodzitcha NGO likuonetseni satifiketi ya NGORA, nthambi ya boma yolembetsa ndi kuyang'anira ma NGO, ija tinkaiti NGO Board lamulo lisanasinthe mu 2022, pomwe makalabu a achinyamata amadziwika ku ofesi ya achinyamata ya boma kapena ku National Youth Council. Mabungwe okhazikika ngati Music Crossroads, lophunzitsa achinyamata kuimba ku Area 23 mu Lilongwe, ndi nkhani ina, koma kagulu kapansi pa mtengo kopanda pepala sikuti ndi akuba ayi, mwina chithandizo chanu choyamba chikhale chomwecho chowalembetsa.

Chachitatu ndiye pagona nkhani, afunseni chomwe chikuwasowa musanagule kanthu. Ambiri timathamangira ma T-shirt okhala ndi logo yathu chifukwa amaoneka bwino pa Facebook, chonsecho anzathuwo chikuwapweteka ndi lendi ya holo, mayunitsi a magetsi, zingwe za gitala, chikopa cha ng'oma, penti, thiransipoti yopitira kumpikisano, ngakhale kaphala koti mwana amene wachoka kusukulu osadya athe kuvina mpaka madzulo. Zinthu zosajambulika izi ndi zomwe zimagwetsa magulu. Ndipo kangachepe kobwera mwezi ndi mwezi chaka chonse kamaposa chimtolo cha tsiku limodzi kenako zii.

Mukagwirizana lembani, tsamba limodzi basi: inu mupereka chani, iwo achita chani, mpaka liti, nanga sipika kapena kamera mwagulayo ikhala ya ndani mgwirizano ukatha. Ndalama ipite ku akaunti ya gulu yosainira anthu awiri, osati pa Airtel Money kapena Mpamba ya atcheya, ngakhale atakhala munthu wopemphera bwanji. Malisiti muziona limodzi pakutha pa mwezi, osati ngati apolisi koma kuti pasakhale manong'onong'o.

Za ana samalani. Kuyambira 2017 malamulo athu amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndiye chithunzi chake chisakwere pa intaneti makolo asanavomere, komanso wamkulu asatsale yekha ndi mwana m'chipinda. Nyimbo kapena sewero lomwe apeka ndi lawo, alimbikitseni akalembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso, inu mukafuna kuligwiritsa ntchito potsatsa malonda mupemphe kaye.

Ndipo mukawaitana kudzavina pamwambo wa kampani yanu kambiranani mtengo asanakwere minibasi, thiransipoti payokha malipiro payokha, fanta ndi samusa si malipiro.