Mbaula isamagone m'chipinda cha ana

Kuzizira kwangoyamba kumene, koma m'makomo ambiri chizolowezi chija chabwereranso. Madzulo akatha kuphika, mbaula akuilowetsa kuchipinda chogona, mawindo atseka, mpata wa pansi pa chitseko atsekera ndi chiguduli. Akuti ana asazizidwe. Ukafunsa, yankho ndi limodzi: makala afiira kale, utsi watha, nanga vuto lili pati?

Vuto lili pomwepo. Makala ofiira, ngakhale asakufuka, amatulutsabe mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide. Mpweyawu ulibe fungo, suoneka, sulowa m'maso, sutsokomoletsa. M'chipinda chotseka okosijeni amanka nachepa, makala amayaka moperewera, ndipo m'pamene poizoniyu amachulukira. Akalowa m'thupi amakakamira m'magazi kuwirikiza ka 200 kuposa okosijeni, moti ubongo ndi mtima zimayamba kusowa mpweya munthu ali mtulo. Wamkulu amadzuka mutu ukuwawa, akumva chizungulire ndi nseru, n'kumati mwina ndi malungo. Nanga khanda linganene bwanji kuti mutu ukuwawa? Limangofooka, kukana bere, kusanza, kugona mopitirira. Pakhomo n'kumasangalala kuti mwana wagona bwino usiku wonse.

Musaiwale kuti mwana wobadwa kumene amapuma ka 30 mpaka 60 pa mphindi, pamene wamkulu amapuma ka 12 mpaka 20. Chipinda ndi chimodzi, koma kwa msinkhu wake mwana wakoka poizoni wochuluka.

Mlimi wina woweta nkhuku anandionetsa mmene amafunditsira anapiye ake. Mbaula anaikweza pa njerwa, ndipo pamwamba pa khoma anasiya mipata iwiri. Anafotokoza kuti chaka china anatseka paliponse, kutacha anapeza anapiye ali lambalamba. Phunziro analitenga. Koma chipinda chimene amagona ana ake atatu chinalibe ndi kabowo komwe, ndipo phulusa la usiku linali likadali pakona. Za anapiye tikuzidziwa, za ana athu bwanji tikuzengereza?

Ena amati makolo athu ankagona ndi moto osafa. Amene anadwala ndi kumwalira ankawawerenga ndani? Lero ziwerengero zilipo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linapeza kuti m'chaka cha 2020 mpweya woipa wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse, ndipo oposa 237,000 anali ana osakwana zaka zisanu. Ambiri mwa anawa sanafe usiku umodzi ayi. Tinthu ting'onoting'ono ta mu utsi wa nkhuni, makala ndi palafini timalowa mpaka mkatikati mwa mapapo tsiku ndi tsiku, n'kutsegulira njira chibayo. Mwana wa mphumu, tinthuti timamubanikitsa kawirikawiri. Onani mwaye umene uli kudenga lanu, kenako muganizire za mwana amene amakhala kumsana mayi akukoleza nkhuni zaziwisi ndi pepala la pulasitiki.

Chochita n'chosavuta. Mbaula izimitsidwe panja, isalowe mogona, ngakhale makala atsale awiri. Mwana muvekeni chipewa ndi sokosi, zovala ziwiri kapena zitatu zopyapyala zimasunga kutentha bwino. Phikirani panja kapena m'khitchini ya mawindo awiri oyang'anizana, nkhuni zikhale zouma, mwana akhale patali ndi utsi. Fodya asasutidwe m'nyumba.

Mukaona kuti a m'chipinda chimodzi adzuka onse akudandaula mutu, tulutsani aliyense panja, tsegulani zitseko, thamangirani kuchipatala ndipo mukanene kuti munagona ndi makala, chifukwa wotere amafunika okosijeni. Mwana akamatsokomola, werengani kapumidwe kake kwa mphindi yathunthu ali phee. Ka 60 kapena kuposa kwa wosakwana miyezi iwiri, ka 50 kwa wa miyezi iwiri mpaka 11, ka 40 kwa wa chaka chimodzi mpaka zisanu, kapena m'munsi mwa chifuwa mukamalowa mkati pokoka mpweya, chingakhale chibayo. Musadikire kuti kuche.