Mawu a Chingerezi onena za khungu lomwe lasintha ndi dzuwa

Mmalawi amene wangofika kumene ku Britain amadabwa kumva anzake a kuntchito akuyamikirana kuti ada ndi dzuwa, popeza kwathu munthu akada ndi dzuwa timaganizira za ntchito ya kumunda kapena ulendo wautali wapansi, ndipo ena amawononga ndalama pogula mafuta oyeretsa khungu. Kwa azungu ambiri, khungu lofiirira limasonyeza kuti munthu anali kutchuthi ku Spain, ku Greece kapena kwina kotentha, choncho amanyadira nalo.

Liwu lomwe mudzalimve kawirikawiri ndi "tan" kapena "suntan", ndipo munthu amene khungu lake lasintha motero amati ndi "tanned". Liwuli linachokera ku ntchito yofufuta zikopa ndi makungwa a mitengo, n'chifukwa chake m'sitolo mumapezanso nsapato, malamba ndi zikwama zolembedwa "tan", kutanthauza mtundu wofiirira mopepuka. Chofunika kwambiri kukumbukira ndi chakuti ponena za munthu, liwuli limatanthauza kusintha kwa kanthawi komwe kumatha dzuwa likachepa, osati khungu lobadwa nalo. Mnzanu akabwera kutchuthi mukhoza kumuuza kuti "you've got a lovely tan", ndipo adzasangalala. Liwu lakuti "bronzed" ndi loyamikiranso, koma limapezeka kwambiri m'magazini ndi pa zotsatsa malonda kusiyana ndi pocheza.

"Sunburn" ndi kupsa kwenikweni, pamene khungu lafiira, likuwawa ndipo mwina likusupuka. Musamuyamikire munthu wotere. Angerezi amanena mofewetsa kuti "you've caught the sun", koma amene mumasamalira okalamba kapena ana muyenera kulemba "sunburn" mosabisa m'mabuku a ntchito ndi kudziwitsa wamkulu wanu, chifukwa imeneyi ndi nkhani ya umoyo. "Fake tan" ndi mafuta odzola kuti munthu aoneke ngati wawotha dzuwa, pomwe "sunbed" ndi makina owalitsa cheza pakhungu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika makinawa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mu 2009, ndipo ku England ndi ku Wales lamulo la mu 2010 limaletsa malo amalonda kulola ana osakwana zaka 18 kuwagwiritsa ntchito.

Pamene pamafunika kusamala kwambiri ndi pofotokoza khungu lobadwa nalo. "Olive skin" amanenera anthu a mayiko monga Italy ndi Greece, ndipo silikhumudwitsa, koma "swarthy", lonena za khungu loderapo, ndi liwu lachikale lomwe nthawi zambiri limamveka ngati lonyoza, kotero ndi bwino kusaligwiritsa ntchito. Amene munakhalapo ku Cape Town kapena ku Johannesburg mudziwe kuti "Coloured", lomwe kumeneko ndi dzina lodziwika la gulu la anthu, ku Britain ndi ku America limatengedwa ngati chipongwe. Nenani kuti "Black" kapena "mixed race" molingana ndi momwe mwini wake amadzitchulira.

Nanga wina akanena kwa inu, munthu wakuda, kuti muli ndi "tan" yabwino, kapena akayandikitsa mkono wake pa wanu n'kunena kuti watsala pang'ono kukupezani? Ambiri amayesa nthabwala, koma si nthabwala yomwe muyenera kuilandira ngati simukufuna. Mu 2008 Silvio Berlusconi, yemwe anali nduna yaikulu ya Italy, anadzudzulidwa kwambiri atanena kuti Barack Obama ndi wachinyamata, wooneka bwino komanso wakuda ndi dzuwa. Mukhoza kuyankha mwaulemu kuti limeneli ndi khungu lanu lachibadwa ndipo simukonda kulankhulidwa motero. Zikapitirira kuntchito, lembani tsiku ndi mawu amene ananenedwa, kenako mukadandaule kwa akuluakulu kapena ku bungwe la apantchito, popeza lamulo la Equality Act la mu 2010 limaletsa kuzunza munthu chifukwa cha mtundu wa khungu lake.