Mmene ndinadziwira thumba la soya loyenera kudzala

Soya sachedwa kutha mphamvu akasungidwa pamalo otentha kapena achinyezi, ndipo mbewu yakufa imaoneka ngati yabwinobwino ukaiona ndi maso. Ine ndinali ndi matumba a chaka chatha, ena atatsamira khoma lomwe limanyowa nthawi ya dzinja. Kugula mbewu yatsopano yokwanira munda wonse kunali kodula, koma kudzala mwachimbulimbuli ndinkaopanso.

Ndinayamba ndayesa kameredwe kake mvula isanagwe. Chachikulu apa ndi katapidwe ka mbewu zoyesazo. Ukangotapa pakamwa pa thumba umadzinamiza, chifukwa chinyezi chimawononga kwambiri pansi ndi mbali yokhudza khoma. Ndiye pa thumba lililonse ndinatapa pamwamba, pakati ndi pansi, n'kusakaniza m'beseni, kenako n'kuwerenga njere 100 osasankha. Dzanja limathamangira njere zonenepa zokha, paja aliyense amafuna mbewu yake ikhoze mayeso. Zamakwinya ndi zong'aluka khungu ziyenera kulowa nawo m'chiwerengerocho.

Njerezo ndinazidzala mu mchenga wonyowa, thumba lililonse pakepake, pamthunzi, ndipo ndinkawaza madzi pang'ono tsiku ndi tsiku. Madzi akachuluka soya amaola asanamere. Pakatha sabata zomera zimakhala zaoneka, ndipo zowerenga ndi zamphamvu zokha, osati zopindika kapena zopanda muzu wabwino.

Matumba omwe anameretsa njere zoposa 80 ndinawasunga kuti ndidzale. Limodzi linatsika pang'ono, ndiye podzala ndinathithikiza njere mumzere. A kukhoma aja anamera mwa apo ndi apo, choncho ndinawakazinga n'kukagayitsa, tikusakaniza ndi ufa wa phala.