Mmene mungapangitsire nyimbo yapadera ngati mphatso ya ukwati

Mphatso za pa ukwati mu Blantyre muno timazidziwa, mapoto, mabulangete, mafulasiki, mpaka akwati amapezeka ali ndi maketulo anayi nyumba yake ya chipinda chimodzi. Mchemwali wanga pokwatiwa ine ndinaganiza zomupangitsira nyimbo yakeyake, nde anthu akhala akundifunsa kuti zimayenda bwanji. Nazi.

Choyamba yambani msanga, miyezi iwiri olo itatu ukwati usanafike. Kuyambira cha mu Ogasiti mpaka Disembala Loweruka lililonse kumakhala maukwati, oimba ndi mapulodyusa amakhala bize, kuonjezera apo magetsi akathima situdiyo imaima tsiku lonse.

Chachiwiri, ndipo apa mpamene pagona nkhani yonse, sonkhanitsani mbiri ya awiriwo musanakumane ndi woimba. Mukangomuuza kuti "ndiimbire nyimbo ya chikondi" akupatsani zomwe zija za ndiwe duwa langa, ndiwe nyenyezi, zoti angaimbire banja lina lililonse atangosintha mayina. Khalani pansi ndi mnzake wa mkwatibwi kapena mng'ono wa mkwati muwafunse: anakumana kuti, mu minibasi ya ku Limbe, ku kwaya, pa mzere ku banki? Amatchulana chani akakhala awiri? Mchemwali wanga mlamu anayamba kumuona akugula tomato mu msika wa Ndirande, ati anamunyamulira jumbo mpaka pa siteji, nde mzere umodzi okhawo wa jumbo ija holo yonse inafa ndi phwete. Musaiwale mfunda, woimba akati Naphiri kapena Nabanda azakhali amaimirira okha ndi nthungululu. Koma za zibwenzi zakale, ngongole, kapena nthawi imene anasiyanapo ayi ndithu, kumbukirani kuti apongozi ndi ankhoswe akhala kutsogolo komweko.

Kenako sankhani woimba. Sikuti mpaka akhale wotchuka wa pa wailesi, ku Ndirande, Chilomoni, Bangwe ndi Machinjiri kuli anyamata ndi atsikana aluso ali ndi timasitudiyo tawo, komanso kwaya ya ku mpingo kwanu itha kupeka bwinobwino. Mvetserani kaye nyimbo zake ziwiri zitatu. Muuzeni nyimboyo idzaseweredwa nthawi yanji, chifukwa yodulira keke imafuna kufatsa, gitala ndi mawu basi, pomwe ya perekaniperekani imafuna ng'oma, kaya manganje, yoti anthu azivina akuponya ndalama. Mphindi zitatu kapena zinayi zakwana.

Pa ndalama, mtengo umatengera dzina la woimba, situdiyo, komanso ngati adzabwere kudzaimba pamaso pa anthu. Perekani theka kaye pa Airtel Money kapena Mpamba kuti umboni ukhalepo, yotsalayo nyimbo ikatuluka. Zomwe mwagwirizana zilembedwe olo pa WhatsApp pompo: tsiku lomaliza, angakonze kangati mukapeza zolakwika, ndipo nyimboyo mwini wake ndani. Apa ambiri timaphonya. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza wopeka, ndipo oimba ambiri amalembetsa nyimbo zawo ku COSOMA, bungwe loteteza ufulu wa opeka nyimbo ndi zaluso zina, nde ngati simukufuna kuti mbiri ya mchemwali wanu mudzaimve mu minibasi nenani poyamba pomwe. Funsaninso ngati biti ndi yakeyake, chifukwa ikakhala yotola pa intaneti vidiyo ya ukwati mukaiika pa Facebook kapena YouTube itha kuthimitsidwa mawu.

Musadikire nyimbo yomalizidwa, pemphani demo, kutanthauza yoyeserera chabe, olo yojambula pa foni. Mvetserani mayina bwinobwino. Ife woimba anatchula mudzi wa kwa mlamu molakwika, bola tinagwira kudakali masabata atatu, zikanakhala za Lachisanu usiku bwenzi akuchimuna akung'ung'udza mpaka lero. Mumvetsereninso munthu wamkulu mmodzi wosunga chinsinsi, amayi aang'ono mwina, iwo amamva mawu amene inu simungawaone kuti ngolaula.

Chomaliza ndi tsikulo. Uzani wapampando wa komiti ndi MC kudakali sabata kuti ilowe pa pulogalamu, apo ayi mudzangomva "nthawi yatithera, holo tikuyenera kutulukamo". DJ mpatseni pa fulashi, ina ikhale mu foni mwanu, ndipo potumizirana pa WhatsApp tumizani ngati document kuti ifike mmene inatulukira mu situdiyo. M'mawa wa ukwati, anthu ali ku tchalitchi, tumani mwana mmodzi apite ku holo akaimvere pa masipika a DJ yo.